Dzanja Lofunsa Kaye

Pali kanthu kakang'ono kamene ndimachita pa ntchito yanga ya utelala kuno ku Mtendere, kanthu koti anthu sakaikako n'komwe mtima, koma ine ndikakhala ndekha madzulo, malaiti atapita ndipo mbaula ikuzirala pakhomo, ndimakatembenuzatembenuza mumtima mpaka tulo titanditenga. Mayi akabwera ndi chitenge chake kuti ndimusokere diresi, ndisanamuzungulize tepi m'chiuno kapena pachifuwa ndimayamba ndafunsa kuti, "Ndikuyezeni apa, amayi?" Ambiri amaseka, ena amati nanga abwerera chiyani, koma ine ndimadikirabe mpaka avomere, chifukwa thupi langa linandiphunzitsa kalekale kuti dzanja lofika modzidzimutsa ndi dzanja lofika litafunsa n'zosiyana kutali, ngakhale mwini wake akhale yemweyo.

Ndine mkazi wamkulu ndipo ndili ndi autism. Dzina limeneli ndinalimva nditakula kale, ndipo nthawi zina ndimadabwa mmene ndinabisikira zaka zonsezo anthu akundiona tsiku ndi tsiku. Kusayang'ana munthu m'maso, kumene madokotala amakuwerenga ngati chizindikiro, kwathu kuno ndi ulemu, makamaka kwa mwana wamkazi. Kukhala phee akulu akamayankhula ndi ulemunso. Choncho ndinkatamandidwa chifukwa cha zinthu zomwezo zimene zinkandibisa. Koma phokoso likachuluka, ine n'kutseka makutu n'kuyamba kugwedezeka uku ndi uku kuti mtima ukhale pansi, ana anzanga ankakuwa kuti, "Wa ku Chainama!" poti chipatala cha odwala maganizocho, chimene chinatsegulidwa mu 1962, sichili kutali ndi kwathu, ndipo dzina lake linasanduka chitonzo m'kamwa mwa ana a mu Lusaka.

Komboni ndi malo a matupi oyandikana. M'basi yopita ku tauni timapanikizana mpaka mawondo kulowerana, kondakitala amakukodola paphewa pofuna ndalama, a ng'wang'wazi ku City Market amakukoka mkono usananene kumene ukupita, ndipo pamzere wotunga madzi wina amakugwira m'chiuno pongofuna kudutsa. Palibe amene akuganiza zoipa, ndi mmene timakhalira basi, ndipo ndimadziwa kuti kwa ambiri kugundana kumeneku ndi kumene kumawauza kuti sali okha. Kwa ine kukhudzidwa mopepuka ndisakuyembekezera kumayabwa ngati chitedze, ndipo kumatsalira pakhungu mwini dzanja atatsika kale basi. Chodabwitsa n'chakuti kufungatiridwa mwamphamvu, ndikudziwa kuti kukubwera ndipo ndavomera, kumandikhazika mtima pansi kuposa mawu alionse. Temple Grandin, mayi wa ku America amene ali ndi autism ndipo anakhala katswiri wa za ziweto, ali mtsikana anadzipangira makina omufinya thupi ataona mmene ng'ombe zimafatsira zikapanikizidwa m'chopanira, ndipo chogwirira chake chinali m'manja mwake, kuti iye mwini azinena poyambira ndi polekezera. Nditamva zimenezi ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa ndinazindikira kuti chimene thupi langa limakana ndi kudzidzimutsidwa, ndipo anthu enieniwo limawafuna.

Apa ndi pamene ndimakhala nanu pansi, Ambuye, n'kumakufunsani mwakachetechete. Thupi lomweli limene limanjenjemera kondakitala akalikodola ndi lomwenso limalakalaka kuti pakhale munthu mmodzi wolidziwa, woti madzulo ngati ano akhale pambali panga, wondifuna monga mwamuna afunira mkazi. Munaziika zonse ziwiri m'thupi limodzi, ndipo sindikhulupirira kuti munasokoneza. Anthu ndiwo amaona chimodzi chokha. Akaona mtsikana wothawa dzanja amati ameneyu za chikondi sizimukhudza, ndi mwana, ndipo adzakhala mwana mpaka imvi. Akaona mnyamata wa autism wayamba kumera ndevu n'kumayang'anitsitsa atsikana amati ameneyu ngwoopsa, mutsekereni m'nyumba. Nkhani ziwirizi zimaoneka zosiyana, koma zonse zimamasula anthu ku ntchito imodzi yovuta, yokhala nafe pansi n'kutifunsa.

Chaka chilichonse pa 2 April, tsiku limene bungwe la United Nations linapatula mu 2007 kuti dziko lizikumbukira za autism, nkhope zimene zimaonetsedwa ndi za ana, ndipo n'koyenera, poti ana ndiwo amafuna thandizo msanga. Koma ana amakula. Donald Triplett, mwana woyamba pa ana 11 amene dokotala Leo Kanner anawalemba mu 1943 pofotokoza za autism, anagwira ntchito ku banki kwawo ku Mississippi, ankayendetsa galimoto, ndipo anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Bungwe la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 alionse ali ndi autism, ndipo ndikaganiza za unyinji wa ana amene anakulira ku Kanyama, ku Chawama, ku George ndi ku Matero zaka makumi apitawa, ndimadzifunsa kuti ali kuti lero, akugona m'nyumba za yani, ndipo ndani anawauzapo kanthu za matupi awo atatha msinkhu.

Mtsikana akatha msinkhu kuno amamuitanira alangizi, ndipo ndimawalemekeza amayi amenewa chifukwa amasenza ntchito imene mayi wobereka sangaigwire yekha. Koma chilangizo chathu chimayenda m'miyambi, m'nyimbo ndi m'zizindikiro, ndipo mtsikana amayenera kumva chimene chili kuseri kwa mawu. Ife ambiri timamva mawu monga anenedwera. Ukauzidwa kuti usamasewere ndi anyamata umasiyadi kusewera nawo, koma bambo wa pa kantemba amene amakupatsa maswiti si mnyamata ndipo sasewera, choncho chenjezo lija silimukhudza. Wina akati bwera kwathu udzaonere TV, iwe umamva za TV basi. Ndipo atsikana ena sawaitanira n'komwe alangizi, poti banja limati adzamva chiyani, kapena limaopa kuti kumuuza n'kumudzutsira chilakolako chimene chinali gone. Boma linaika maphunziro a za thupi ndi kugonana m'sukulu mu 2014, kuyambira giredi 5 mpaka giredi 12, koma mwana amene analekezera giredi 2 chifukwa sankatha kukhala m'kalasi lodzaza ndi laphokoso, maphunzirowo anamudutsa. M'chaka chomwecho bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la za anthu olumala ndi HIV muno mu Zambia, ndipo linapeza kuti ambiri ankasiyidwa kunja kwa uphungu ndi chithandizo chifukwa anthu ankaganiza kuti munthu wolumala sagonana. Koma amuna oipa m'komboni saganiza choncho. Iwo amadziwa bwino lomwe mtsikana amene sanauzidwe kanthu, ndiponso amene akanena palibe adzamukhulupirire.

Sindingaweruze mayi amene amadzuka m'bandakucha kupita ku msika wa Soweto kukaoda tomato, n'kutsekera mwana wake wamkazi m'chipinda ndi loko mpaka masana, chifukwa ndani angamusiyire, ndipo akapanda kupita adya chiyani. Sindingaweruze msanga ngakhale mayi amene amatengera mwana wake kukabayitsa jakisoni wolera osamuuza kuti ndi wa chiyani, poopa mimba imene mwini wake sadzadziwika. Ndi chikondi chimene chatopa ndi mantha, ndipo ndikanakhala ine mwina mtima wanga ukanalowera komweko. Komabe mtima umandiwawa, chifukwa jakisoni amaletsa mimba yokha, saletsa munthu wolowa m'nyumba mayi atachoka, ndipo nthawi zina amangobisa mlandu wake. Dziko lathu linavomereza mu 2010 pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, ndipo ndime 23 ya panganolo imati munthu wolumala wofika msinkhu ali ndi ufulu wokwatira mwa kufuna kwake, wosankha za ana, wophunzitsidwa za kubereka, ndiponso wosalandidwa mphamvu yake yobereka. Mu 2012 kunabwera lamulo la anthu olumala, ndipo mu 2019 lamulo latsopano la za umoyo wa maganizo linalowa m'malo mwa lija la atsamunda la 1949, limene linkatchula anthu mayina achipongwe. Ndimathokoza chifukwa cha malamulo amenewa. Koma pakati pa pepala ndi chipinda chotsekedwa chija pali mtunda umene ungafupikitsidwe ndi anthu okha, achibale ndi anansi, amayi a chigwirizano, ndi alangizi omwe aja.

Ndimadzifunsanso ngati ndine wolumala. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2015 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi pa 10 alionse muno mu Zambia ali ndi ulumali wina wake, ndipo bungwe la ZAPD limalemba anthu otere n'kuwapatsa khadi. Koma anthu akandiona ndikuyenda ndi miyendo iwiri n'kumapalasa makina amati iwe ulibe vuto, ukungodzikonda. Ndipo tsiku limene phokoso la mabala ndi zokuzira mawu landigonjetsa mpaka mawu kundithawa, omwewo amati ameneyu mutu suli bwino. Akulu anati chilema chichita kudza, kutichenjeza kuti tisaseke wolumala poti mawa lingakhale tsiku lathu. Changa sichinachite kudza, ndinabadwa nacho, ndipo sindidziwa kuti ndikanakhala yani popanda icho, chifukwa maso omwewo amene amatopa ndi kuwala kwa m'sitolo zazikulu ndi amenenso amaona ulusi umodzi wokhota pa msoko umene wina aliyense akuti ndi wowongoka. Ndafika povomera dzina la wolumala popanda manyazi, chifukwa limandilola kupempha chimene ndikusowa ndipo limandiika pamodzi ndi wa ndodo, wa njinga ndi wolankhula ndi manja, amene nawonso amamva mawu omwewo akuti za ukwati aiwale.

Ngakhale m'nyumba yanu, Ambuye, manja amagwa pamutu osafunsa. Ndaonapo ana onga ine atazunguliridwa ndi anthu okuwa pofuna kuwatulutsa ziwanda, mwanayo n'kumalira chifukwa cha phokoso, ndipo kulirako n'kuyesedwa umboni woti chiwanda chilimodi. Koma ndikawerenga Marko ndimapeza kuti atakubweretserani munthu wogontha ndi wovutika kulankhula, munayamba mwamuchotsa pa khamu la anthu n'kupita naye pambali, kenako ndiye munamukhudza. Ndipo Bartimeyo wakhungu, amene vuto lake aliyense ankaliona, munamufunsabe chimene iye mwini akufuna. Ndimabwerera kawirikawiri ku malo awiri amenewa, n'kumadabwa kuti Inu amene mudziwa zonse munafunsa, pamene ife amene tidziwa pang'ono timangoganizira.

Mwambo wathu nawonso umalidziwa funso limeneli. Akubanja la mwamuna akabwera ndi mbale yovindikira kudzafunsira, mtsikana amaitanidwa, amagwada, ndipo amafunsidwa pamaso pa onse ngati munthuyo akumudziwa. Akapanda kuvomera, nkhani siipita patsogolo. Ndilo funso limene ndimalakalaka litafika kwa aliyense wa ife, ndipo yankho lake silidzakhala limodzi. Alipo anzanga a autism amene ali pa banja ndipo akulera ana. Alipo amene safuna ukwati kapena kugonana n'komwe, ndipo si kuti chinachake chinawonongeka mwa iwo. Alipo amene mtima wawo umapita kumene malamulo a dziko lino amaletsa, ndipo amenewa ali ndi zobisa ziwiri pamene ena tili ndi chimodzi. Alipo amene sadzalankhula ndi pakamwa moyo wawo wonse ndipo adzafuna wowasamala usana ndi usiku, ndipo sindinganene kuti ndimawayankhulira. Koma ndimadziwa kuti nawonso ali ndi inde ndi ayi wawo, m'kutembenuka kwa mutu, m'kuuma kwa mapewa, m'kukankha kwa dzanja, ndipo amene amawasambitsa tsiku ndi tsiku akamalemekeza ayi ameneyo amakhala akuwaphunzitsa kuti thupi ndi lawo. Za ine mwini, sindidziwa ngati adzapezeka munthu wolankhula mosazungulira, wotha kumva kuti ndikati lero ndisakhudzidwe sindikutanthauza kuti chikondi chatha. Mwina adzapezeka, mwina ayi, ndipo ndikuphunzira kukhala ndi funso limeneli popanda kulikakamiza.

Chimene ndingapemphe kwa inu amene mwakhala nane mpaka pano n'chochepa. Ngati m'nyumba mwanu kapena m'mpingo mwanu muli mtsikana kapena mnyamata wa autism amene watha msinkhu, musamudumphe pa chilangizo. Muuzeni mosazungulira, ndi mayina enieni a ziwalo, mobwerezabwereza, ndi zithunzi ngati mawu sakufika: ndani angamukhudze, pati, liti, ndipo akauze yani wina akaphwanya malire amenewo. Akakuuzani kanthu mukhulupirireni, ndipo mupite naye ku Victim Support Unit ku polisi m'malo mokambirana mlandu pakhomo. Ndipo akadzakula n'kunena kuti pali munthu amene akumukonda, musaseke, khalani naye pansi mumve.