Kodi N'koyenera Kumuombera M'manja Kalulu?

Werengani: Genesis 27:1-29, Eksodo 1:15-21, Luka 16:1-8.

Palibe mwana wa m'mphepete mwa nyanja amene anakula osamudziwa Kalulu. Ku Bandawe ndi ku Chintheche, monganso m'midzi yonse ya dziko lino, agogo akhala akusimba za kanyama aka madzulo, ana atakhuta kondowole ndi usipa. Atonga amati nthanu, Achewa amati nthano. Sukulu itafika, nthanozi zinalowa m'mabuku. M'chaka cha 1932 Filemon Chirwa, mphunzitsi wa Mishoni ya Livingstonia, anatulutsa buku lotchedwa Nthanu za Chitonga, kuti zimene makolo ankakamba pamoto zisafe pamodzi ndi eni ake. Chotero ampangankhani a m'nthano ayenera kusanthulidwa mosamala monga tisanthula anthu a m'mabuku ena otchuka akale.

Tikamusanthula Kalulu tipeza chinthu chovuta. Iye ngwabodza, ngwaulesi, ndipo kawirikawiri ngwakuba. Koma akapulumuka ana amaseka ndi kuomba m'manja, akulu n'kumaseka nawo. Kukacha, akulu omwewo amalanga mwana chifukwa chonama. Kodi tsono nthano ndi chibalo, chimene chikunena zoona n'chiti?

Tiyambe tamvetsa chifukwa chake Kalulu anakondedwa. Robert Laws ndi anzake atasamutsira mishoni ku Bandawe kuchokera ku Cape Maclear m'chaka cha 1881, anapeza Atonga ambiri ataunjikana m'midzi ya malinga poopa nkhondo ya Angoni a kumapiri. Munthu amene akhala pafupi ndi mnzake wamphamvu zomuposa amadziwa kuti mkono wake sungamupulumutse. Chimene watsala nacho ndi mutu. Anthu otere akamva kuti kanyama kopanda nyanga ndi zikhadabo kagonjetsa Mkango, mtima wao umakhala pansi. Si kwathu kokha kuno. Akapolo amene anatengedwa ku Africa kupita ku America anapita nazo nthano za kalulu, ndipo Joel Chandler Harris anazisonkhanitsa m'buku la Uncle Remus m'chaka cha 1880. Wopsinjika amasimba za Kalulu chifukwa amadziona yekha mwa iye.

Komatu Kalulu sali yemweyo m'nthano zonse. Taganizirani ziwiri zodziwika bwino. M'nthano yoyamba Njovu ndi Mvuu amamunyoza kuti ngwamng'ono. Iye apereka nsonga imodzi ya chingwe kwa Njovu kumtunda, inayo kwa Mvuu m'madzi, ndipo akuluakulu awiriwa akokana tsiku lonse, aliyense akuyesa kuti akulimbana ndi Kalulu. Palibe amene wafa, palibe amene walandidwa kanthu. Chimene chathyoka ndi kudzikuza kokha.

Nthano yachiwiri ndi ya chitsime. Kwagwa chilala, nyama zonse zipangana kukumba, Kalulu yekha akana. Madzi atatuluka, iye abwera mozemba, anyengerera alonda ndi uchi, awamanga, atunga madzi, ndipo kuonjezera chipongwe asamba m'chitsimemo. Apa amene walipira si mfumu yankhanza ayi, koma nyama zinzake zaludzu zimene zinatuluka matuza pokumba. Ndipo taonani amene amugwira: si Mkango kapena Nyalugwe, koma Fulu, wochedwa kuyenda, amene anangokhala phee m'madzi kudikira. Makolo sanasankhe Fulu mwangozi. Anthu amaimaliza mosiyanasiyana nthano imeneyi, ndipo ena amamupulumutsanso Kalulu, koma ngakhale apulumuke sabwereranso kukakhala pakati pa anzake monga kale. Asodzi amadziwa mwambi uja wakuti chenjerechenjere sakupha nsomba, akupha nsomba n'kombe.

Funso loyenera kufunsa pa mpangankhani wochenjera aliyense ndi ili: kodi mtengo wa kuchenjera kwakeko walipira ndani?

Tiyese funsoli pa anthu a m'Baibulo. Sifra ndi Puwa, anamwino a Ahebri, analamulidwa ndi Farao kupha ana onse aamuna pobadwa. Sanamvere, ndipo ataitanidwa anayankha mozemba, kuti akazi a Ahebri amachira msanga namwino asanafike. Akazi awiriwa anali aang'ono pamaso pa ufumu wa Aigupto. Sanapindule kanthu pa yankho laolo. Anaika moyo wao pachiswe kuti ana a eni akhale ndi moyo. Onani bwino Eksodo 1:17 ndi 21. Chimene wolemba ayamikira ndi kuopa Mulungu kwao, ndipo satchula bodzalo monga chinthu chotamandika. Ophunzira Malemba akhala akutsutsana kwa zaka mazana ambiri ngati anamwinowa anachimwa ndi lilime lao kapena ayi, ndipo kalasi lanu likhozanso kugawikana. Koma palibe woganiza bwino amene angawaike pa mulingo umodzi ndi Kalulu wa pachitsime.

Yakobo ndiye ali pamenepo. Iye sanachenjerere Farao. Anachenjerera mkulu wake amene anabwera kuthengo ali lefu ndi njala, ndi atate wake Isake, nkhalamba yakhungu imene inatsala ndi makutu, manja ndi mphuno zozindikirira ana ake. Ambiri a ife timamukhululukira msanga Yakobo chifukwa tidziwa kuti lonjezo linali lake asanabadwe (Genesis 25:23). Koma lonjezo limenelo ndilo likulitsa mlandu wake. Anaba chinthu chimene akanalandira ndi manja awiri akadadikira.

Wina adzafunsa za kapitao wosakhulupirika wa pa Luka 16, amene mbuye wake anamutama. Werengani vesi 8 mofatsa. Munthuyo akutchedwabe wosalungama m'vesi lomwelo limene akutamandidwa. Chimene chatamandidwa ndi maso ake oona patali ndi changu chake pa tsiku la tsoka. Yesu anatenga mbali imodzi ya munthu woipa kuti achititse manyazi ana a kuunika amene amagona tulo. Umu ndi momwenso agogo anzeru ankachitira ndi Kalulu: ankafuna mdzukulu atengeko kugalamuka, asiye umbava.

Vuto lathu nlakuti aliyense wa ife amadziyesa Kalulu wa pachingwe, pamene zochita zake ndi za pachitsime. Wogula usipa kunyanja amene apinda ndowa yoyezera amati akudziteteza kwa amalonda akuluakulu a m'tauni, koma amene waluza ndi msodzi amene wachezera usiku wonse pa bwato. Mabanja ambiri a m'boma la Nkhata Bay ali ndi mwana kapena mlongo ku Joni amene amatumiza ndalama zomangira nyumba. Wotsala kumudzi akadya ndalamazo, n'kutumiza pa foni chithunzi cha nyumba ya mwini wake, amadzitonthoza kuti wa kunjayo ngwolemera, sangamve kupweteka. Sadziwa, kapena safuna kudziwa, kuti mbale wakeyo amagona m'kachipinda kamodzi ndi anzake ndi kudzimana chakudya. Timamupanga mnzathu kukhala Njovu m'maganizo mwathu kuti tipeze chilolezo chomubera. Kodi inu munayamba mwatero? Ndani amene munamuyesa wamkulu ndi wosamva kupweteka, pamene anali waludzu monga inu nomwe?

Pali chinthu chimodzi chimene buku la Genesis lichita chimene nthano sichita. Nthano imatha Kalulu akathawira kuthengo, ndipo mawa ayambanso ali wosasintha, wopanda chipsera. Genesis amutsata Yakobo mpaka ukalamba. Wonyenga uja agwira ntchito zaka 7 chifukwa cha Rakele, kukacha apeza kuti m'hema muli Leya. Iye amene anadziyesa woyamba kubadwa auzidwa ndi Labani kuti kwaoko wamng'ono satsogola mkulu. Akhala zaka 20 ku Harana, malipiro ake asinthidwa kakhumi. Malemba satiuzanso kuti anaonananso ndi amake Rebeka, amene anakonza chiwembu chija. Pa mtsinje wa Yaboki afunsidwa dzina lake, funso lomwe lija analiyankha monama pamaso pa Isake, ndipo tsopano ayankha zoona. Alandira dzina latsopano ndi mdalitso, koma achoka pamenepo akutsimphina.

Ngakhale atakhululukidwa chotero, zimene anafesa m'nyumba mwake zinamerabe. Yerekezani Genesis 27:16 ndi Genesis 37:31-33. Yakobo ananyenga atate wake ndi chovala cha mbale wake ndi zikopa za mbuzi. Ana ake anamunyenga iye ndi chovala cha mbale wao ndi mwazi wa mbuzi, ndipo nkhalambayo inalira maliro a Yosefe zaka 22 mwanayo ali moyo ku Aigupto.