Kuimba manambala si kudziwa masamu

Makolo ambiri timanyadira mwana wa zaka zinayi akamalakatula manambala m'Chingerezi mpaka 20 osapumira. Kukabwera alendo timamuitana kuti awaonetse, tonse n'kuomba m'manja. Koma mwana yemweyo mukamuikira mango patsogolo n'kumuuza kuti akupatseni asanu, kawirikawiri amangotapa odzaza manja. Nyimbo waiphunzira, koma sanadziwe kuti nambala iliyonse imayenda ndi bango limodzi, komanso kuti nambala yomaliza kutchula ndiyo ikunena kuchuluka kwa onse.

Ndikuganizira ana a ku Njakwa, kumene mtsinje wa South Rukuru umadutsa mothinana pakati pa mapiri, kufupi ndi boma la Rumphi. Mwana wakumeneko amasewera, kulira ndi kutumidwa m'Chitumbuka. Chiyankhulochi chinachotsedwa m'sukulu mu 1968 pamene Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linakhazikitsa Chingerezi kuti ndicho chophunzitsira. Choncho akamalowa Sitandade 1 ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, amapeza ziyankhulo ziwiri zachilendo zikumudikira, masamu nawo ali pomwepo. Ngati maganizo a masamu sanakhazikike m'chiyankhulo cha kwawo, adzawakhazikitsa liti?

Masamu a mwana wamng'ono amayambira pa mawu wamba: zambiri ndi zochepa, chachitali ndi chachifupi, cholemera, theka, kutsogolo, pakati, zatsala zingati. Mawu amenewa sasowa buku, ndipo ku Rumphi zophunzitsira zili ponseponse. Taonani mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Amasankha akuluakulu paokha, ang'onoang'ono paokha, n'kuunjika milu yofanana, atatu pansi ndi mmodzi pamwamba. Mwana amene wakhala pambali pake atamuuza kuti aunjike mulu wake, kenako n'kumufunsa ngati wafanana ndi wa amayi, ndiye kuti wasanja, wawerenga ndiponso wayerekeza zinthu m'kanthawi kochepa. Nyengo yosankha fodya m'chigwa cha Henga, masamba amaikidwa m'magulu potengera kutalika ndi mtundu wake. Mwana sayenera kugwira fodya, zimenezo n'zosakambirana, koma luso lomwelo angalichite ndi nyemba, zisononkho kapena zitsekerero za mabotolo.

Nanga phada? Mtsikana amaponya mwala m'mwamba, kutulutsa timiyala m'kadzenje, kenako kubwezamo tonse kusiya kamodzi. Kumeneko ndi kuchotsera, ndipo anzake amamuyang'anitsitsa kuti asabe. Chomwe chimasowa ndi munthu wamkulu woima pafupi n'kufunsa kuti, "Wadya ingati, nanga yatsala ingati?"

Ena anganene kuti ndikubweza ana m'mbuyo, popeza pamsika mitengo imatchulidwa m'Chingerezi ndipo mayeso nawo ndi a Chingerezi. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo sindikunena kuti manambala a Chingerezi aletsedwe. Mwana amene wadziwa ndi manja ake kuti zitatu ndi ziwiri zimapanga zisanu savutika kulandira dzina lachiwiri la nambalayo. Wovutika ndi uja amene ali ndi maina okhaokha, chifukwa amafika mpaka Sitandade 3 akungoloweza, kenako n'kuyamba kukhulupirira kuti masamu ndi a anthu ena.

Mtolo waukulu uli pa alezi a m'sukulu za mkombaphala. Sukuluzi zimayendetsedwa ndi anthu a m'mudzi, zina m'tchalitchi, zina m'chisakasa, ndipo alezi ambiri amagwira ntchito mongodzipereka. Dziko lathu lili ndi ndondomeko ya maleredwe a ana aang'ono kuyambira 2003, koma alezi ambiri sanapiteko ku maphunziro okwanira. Sindingawadzudzule akamaimbitsa ana manambala m'mawa wonse, pakuti iwonso anaphunzitsidwa motero, ndipo makolo ndi zomwe timafuna kumva mwana akaweruka. Akuluakulu oona za chisamaliro cha ana ku Rumphi akamakonza maphunziro a alezi, apatule masiku a masamu okha, ophunzitsidwa m'Chitumbuka, aliyense atagwira timiyala m'manja. Nthawi ya phala nayo ilowemo: ana aziwerenga okha makapu, kuwagawa mmodzimmodzi, ndi kunena ngati akwanira kapena aperewera angati.