Mayi ake ali kuti pa chithunzichi?

Makina a AI ojambula zithunzi ali ndi vuto loseketsa: amaiwala nkhope. Ukawapempha chithunzi cha kamtsikana ka zaka 5 choika pa khadi la birthday, amakupatsa. Upemphenso cha pa keke, kabwera kamwana kena, mphuno ina, khungu layererako. Chithunzi chilichonse amachiyamba chatsopano. N'chifukwa chake ozindikira amalemba kaye ndime imodzi yofotokoza mwanayo: khungu lakuda, tsitsi loluka, diresi lachikasu. Ndimeyo amaimata pa pempho lililonse, kapena amapereka chithunzi choyamba ngati chitsanzo, kuti khadi, keke ndi t-shirt zifanane.

Chifikireni Meta AI pa WhatsApp mu 2024, achinyamata ngati ine, ngakhale kuno ku Thyolo, tasanduka ojambula a pabanja. Bundle basi, wayambapo.

Chimandivuta ndi ndime ija. Zimene walembamo zimabwera nthawi zonse. Zimene wasiya, makinawo amadzaziramo okha, ndipo amadzaza ndi zimene anaona pa intaneti. Talembani "minda ya tiyi" muone: mizere yobiriwira ngati kapeti, kachifunga cha chiperoni, phiri kumbuyo. Thyolo wa alendo odzaona malo. Wothyola tiyi akapezekamo, amakhala kadontho kokongoletsa patali.

Nanga ngati mayi wa mwanayo ndiye kadonthoko? Amalawira mbandakucha, dengu kumsana, kuthyola masamba awiri ndi kansonga mpaka dzuwa kuswa mtengo, kenako kukayezetsa pa sikelo. Keke imene tikuijambulayi yachokera m'dengumo. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923. Tangoganizani mibadwo ya manja imene yadutsa m'mizere yotereyi m'boma lonse lino. Makina anaphunzira kubiriwira, manjawo sanawaphunzire bwino.

Mnzanga wina amati ndimakuza nkhani. "Aise, ndi phwando la mwana, si phunziro la mbiri yakale." Ali ndi mfundo. Mwana akafuna kukhala mfumukazi ya chisoti chagolide, avale, palibe amene wanamizidwa. Aliyense akudziwa kuti n'zamasewera. Koma munda wa tiyi si nthano. Ndi kwawo. Ukaujambula wopanda anthu pa khadi, pa keke, pa t-shirt, mofanana ndendende, kufananako kumayamba kuoneka ngati umboni. Chithunzi chimodzi ndi maloto. Zisanu zogwirizana, mwana amazikhulupirira.

Komabe kumuikamo mayiyo ndi dengu, ine ndekha nditasankha, nakonso n'kudzikweza. Alipo amayi amene angakuyankhe kuti, "Sabata yonse ndasenza, lero mufuna ndisenzenso pa keke?"

Ndiye ndisanalembe ndime ija ndimawafunsa eniake. Ena amafuna chitenje chawo cha kutchalitchi ndi duku, ataima pambali pa mwana, tiyi ali kumbuyo kwawo. Ena safuna n'komwe tsamba la tiyi pa chithunzi. Amafuna nyanja.