Za Mmisiri Amene Amaulula Yekha Zolakwa Zake

Kodi munthu ayenera kukhulupirira yani: mmisiri amene ntchito yake sinamvekepo mbiri yoipa, kapena uja amene amaima pabwalo nanena yekha kuti apa ndi apa ndinalakwitsa? Funso limeneli, limene makolo athu analisinkha pa milandu ndipo aphunzitsi a Mawu akhala akulisinkha pa nkhani ya kulapa, limam'peza masiku ano munthu amene waika OpenBSD pa laputopu yake.

OpenBSD ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta, mdzukulu wa Unix, uja anabadwira ku Bell Labs mu 1969 nakulira ku Berkeley. Ndipo chiyambire pamene Theo de Raadt, wobadwira ku Pretoria koma wokhala ku Calgary m'dziko la Canada, anaiyambitsa mu 1995, alembi ake akhala ndi mwambo woti malemba onse a pulogalamuyo akhale poyera, kuti yense wofuna awerenge, ndi kuti cholakwa chikapezeka chilengezedwe pamodzi ndi chigamba chake. Iwo ankanyadira poyera kuti palibe mbala yakutali imene inapezapo khomo pa makina ongoikidwa kumene. Koma khomo lotere litapezeka mu 2002, ndi linanso mu 2007, sanabise manyazi awo, anakonza mawu onyadirawo kuti onse awerenge kuti makomowo ndi awiri. Kunena zoona, ine ndimawakhulupirira chifukwa cha awiriwo koposa mmene ndikanawakhulupirira akanati palibe.

Komatu tisafulumire kuyesa kuti chimene chili poyera n'choyera. Cholakwa chotchedwa Heartbleed chinakhala m'malemba a pulogalamu ina yotchedwa OpenSSL, amene dziko lonse linkadalira ndipo aliyense akanatha kuwawerenga, kwa zaka ziwiri chisanaululike mu 2014. Pakuti ngakhale mutu umodzi susenza denga, mitu yambiri nayonso silisenza ngati uliwonse ukuyesa kuti unzake wasenza kale. Chaka chomwecho a OpenBSD anatenga malembawo, nachotsa zambiri zosafunika, natcha ntchito yawo LibreSSL.

Chondilemera mumtima ndi gawo la mwini laputopu. Tsiku limene cholakwa chalengezedwa, akumva si olungama okha, mbala nazo zamva. Kotero kuti iye amene wamva kuulula koma osachitapo kanthu ali pangozi yoposa ya dzulo lake. Chimene akufunsidwa n'chochepa: atsegule zenera lakuda lolembamo malamulo, alembe doas syspatch, aike mawu ake achinsinsi, adikire pamene zigamba zikutsika chimodzichimodzi, ndipo ngati chigamba chakhudza kernel, mtima wa pulogalamuyo, azimitse makina ndi kuwayatsanso. Pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse mtundu watsopano wa OpenBSD umatuluka, ndipo lamulo la sysupgrade limam'wolotsera kumeneko. Wozengereza kupitirira chaka amatsala yekha, chifukwa zigamba zimaperekedwa kwa mitundu iwiri yomalizira yokha. Ena amati uku n'kuuma mtima. Ine ndikuti anthu ochepa ogwira ntchito mwaufulu, amene sanam'lipiritse munthu kanthu, sangasenze ulesi wa wina mpaka muyaya.

Tsono inu amene mwalandira ntchito ya manja awo osalipira, ndipo mwamva cholakwa chikulengezedwa, musati mawa: sungani kaye mafayilo anu pena, kenaka ikani chigambacho lero lomwe.