Kodi Chifuno Chabwino Chokha Nchokwanira?

DZINO loŵaŵa limalanda munthu tulo ndi nyonga. Kwa Mmalaŵi wogwira ntchito m'migodi ya platinamu pafupi ndi Bethanie, ku South Africa, kapena kwa amake otsala kumudzi, dokotala wa mano angakhale kutali kapena wofuna ndalama zambiri. Chotero pamene madokotala odzifunira afika kuchokera kutsidya la nyanja kudzazula mano kwaulere kwa milungu iŵiri, kodi ndani angawaimbe mlandu? Komabe, funso lofunika nlakuti: Kodi wodwalayo amapinduladi?

Mlendo Ndi Mame

Talingalirani zimene zingachitike alendowo atachoka. Bala la pamene panazulidwa dzino lingatukusire patapita masiku angapo, wolizulayo ali kale kwawo. Ndiponso, nthaŵi zina ophunzira amayesera pa osauka ntchito imene lamulo la kwawo silikanawalola kuichita. Kodi umphaŵi umachepetsa ulemu wa munthu? Kutalitali! Nchifukwa chake Health Professions Council of South Africa ndi Medical Council of Malawi amafuna kuti dokotala wachilendo alembetse asanakhudze wodwala. Kuwonjezera apo, chithandizo chaulere chosalinganizidwa bwino chingalande odwala kwa madokotala akumaloko, amene ndiwo adzatsala ndi anthuwo.

Chithandizo Chimene Chimakhalitsa

Mu 2018, Malaŵi anali ndi madokotala a mano osafika 50 kaamba ka anthu oposa 17 miliyoni, ndipo m'dzikomo munalibe sukulu yowaphunzitsa. Mochirikizidwa ndi boma la Scotland, University of Glasgow inagwirizana ndi College of Medicine ya ku Blantyre m'ntchito yotchedwa MalDent. Mu 2019 kagulu koyamba ka ophunzira kanayamba maphunziro a udokotala wa mano m'dziko lawo lomwe, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yosamalira thanzi la m'kamwa m'dziko lonse. Onani kuti alendowo sanaloŵe m'malo mwa eni dziko. Mmalomwake, anagwira ntchito monga athandizi awo.

Kodi zimenezi zikutanthauza kuti kuzula dzino la munthu wovutika nkulakwa? Iyayi, pakuti ululu sumayembekezera kuti sukulu imangidwe. Koma wodzifunira woona mtima angachite bwino kudzifunsa kuti: ‘Kodi eni malo anandiitana? Kodi ndine woyeneretsedwa kuchita ntchitoyi? Kodi ndani adzaona wodwalayu nditachoka?’ Ndithudi, kukoma mtima kwenikweni kumapimidwa, osati ndi chikhutiro cha wopatsayo, koma ndi mkhalidwe umene wolandirayo watsalamo.