Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima

Mwambi uwu ndayamba kuipidwa nawo, makamaka ukamatuluka m'kamwa mwa wolemba anzake ntchito. Posachedwapa, pa esiteti ina ya fodya kwa Njombwa, bambo wina wochokera ku Phalombe anapempha kuti akaike maliro a mlongo wake. Inali nyengo yothyola, zigafa zikudzaza. Kapitawo anangoti, "Achimwene, wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Kuno munabwera nokha." Bamboyo anabwerera kumunda. Anzake akuti chiyambire tsikulo sachezanso ndi munthu: kulima, kudya, kugona, basi.

Tanthauzo lake tonse timalidziwa: ukasankha chinthu ukudziwa kuvuta kwake, usadandaule. Koma makolo ponena mawuwa ankakamba za ukwati, ndipo ukwati wa kwathu uli ndi ankhoswe. Mkamwini zikamuthina amakhala ndi kokadandaula, mlandu wake numveka. Akaferedwa, apongozi amamuperekeza kumaliro. Amapirira chifukwa pamudzipo amawerengedwa ngati munthu. Mabwana a masiku ano atola kupirirako, ubale ndi ankhoswe n'kuzisiya.

Onani chaka cha munthu wolimira wina fodya wa bale. Chilimwe chili pakati, iye ali kudambo kuthirira nazale m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa, kuwokera. Kenako feteleza, kupalira, kuthyola masamba onyowa ndi mame, amene chikonga chake chimalowa pakhungu mpaka munthu kumva chizungulire ndi nseru. Usiku kusoka. Fodya akauma, kusankha magiredi ndi kudinda mabelo pa jeke. Miyezi yonseyi akudya chimanga cha ngongole, cholembedwa m'kabuku kamene iye sakagwira. Msika ukatsegulidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, amene amapitako ndi mwini esiteti. Wolima uja mtengo sauona, pepala la malonda saliona; amangouzidwa kuti atachotsa chimanga, mchere, sopo ndi ndalama ya mankhwala a mwana, yatsala iyi. Chaka china amauzidwa kuti iye ndiye ali ndi ngongole.

Kutopa kwa thupi kumatha ukagona. Kumene ndikunena ine ndi kwa mumtima, kwa munthu amene wagwira tsamba lililonse ndi manja ake koma palibe limene angalitche lake, amene kwawo amuiwala chifukwa safika pamaliro, ndipo kuno amangotchedwa "tenanti uja". Ena amathawira ku kachasu. Ena ukali wonse umakathera pa mkazi ndi ana. Tikaona zimenezi timati ndi khalidwe loipa, osafunsa chimene chamudya munthuyo.

Ndipo asatinamize kuti kudandaulaku ndi ulesi. Mu Novembala 2019 dziko la America linatsekera fodya wa Malawi pa madoko ake ponena za ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ntchito ana. Mu 2020 alimi a kuno anakasuma kukhoti ku London, kusumira British American Tobacco ndi Imperial Brands. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Anthu akutali anamva kulira kumene kapitawo wa pafupi akukutseka ndi mwambi. Lamulo lilipo, inde, koma silinafike m'kabuku ka ngongole kaja.

Ndivomere pang'ono, ngakhale sindikufuna. Fodya wakupsa sadikira munthu, ndipo mwini munda nayenso ali ndi kontirakiti yomufinya: mlangizi wa kampani amabwera pa njinga yamoto kudzawerenga mizere, ngongole ya feteleza ikumudikira kumsika. Alipo antchito amene amalandira chimanga miyezi itatu n'kuthawa usiku. Kwa otere mwambiwu ungagwire. Koma wopempha kukaika mlongo wake sanathawe, anapempha. Ndipo kunena kuti "munabwera nokha" kwa munthu amene anachoka ku Phalombe chifukwa kamunda kake sikakwanitsa kudyetsa banja ndi nkhanza. Njala ndiyo inamukweza lole. Mgwirizano wolembedwa sanauone, mtengo anauzidwa pakamwa, ndipo ndalama yobwerera kwawo ili m'thumba la amene akumukaniza kupita.