Nthochi za Agogo ndi Ngongole ya Amalume

Agogo anga adachoka ku Mulanje kudzathyola tiyi ku Honde Valley. Pomwalira adasiya munda wa nthochi ku Mandeya, nalamula kuti phindu lake lizithandiza wachibale aliyense wovutika.

Chaka chatha golosale ya amalume ku Hauna idagwa, ngongole zili tho. Banja lidayamba kuwapatsa kangachepe mwezi ndi mwezi. Owakongoza akuti, "Ndalama akulandira, atibweze." Amalume akuti, "Si yanga, ndi ya banja."

Akhoti amasiyanitsa chuma chimene munthu angachiitanitse ngati chake ndi chimene amangopatsidwa mwachifundo. Pamenepo amalume akhoza kupulumuka. Koma mmodzi mwa owakongoza ndi mayi wothyola tiyi, amene ndalamayo adaisonkhanitsa dengu ndi dengu, mame ali m'miyendo.

Ine ndikuti ya ufa ndi fizi ya ana asaikhudze munthu, poti ana sadakongole kanthu. Yotsalayo ipite kwa mayiwo. Agogo ankafuna kuti mundawo uzitchinjiriza wosauka. Mayiwonso ngosauka, kungoti mfunda wawo si wathu.